Kiliki yatulukira ku masipika aakulu: kutsata mawu kuchokera pa traki mpaka pa bowo loyenera

Tsiku lina ndinkathandiza gulu loimba lomwe limagwiritsa ntchito matraki ojambuliratu. Dongosolo linali losavuta: kiliki yowerengera nthawi ipite m'makutu mwa woimba ng'oma yekha, kiyibodi ndi mawu othandizira zipite ku masipika aakulu. Masana poyeserera zonse zinali bwinobwino. Madzulo nyimbo yoyamba itangoyamba, holo yonse inamva "tiki, tiki, tiki, tiki". Woimba ng'oma anangonditong'olera maso, manja akugwirabe ntchito. Ndinali nditatumizadi kiliki ku Output 3, chotulukira chachitatu, koma njira yake yakale yopita ku master, komwe matraki onse amakumana asanapite ku masipika aakulu, ndinaisiya yotsekula. Masana sitinaimve chifukwa tinkayeserera pa mamonita okha (masipika omwe oimba amadzimverapo), masipika aakulu ali chizimire.

Mavuto a mtundu umenewu amabwera mobwerezabwereza, ndipo chimene chimatayitsa nthawi kwambiri ndi kugwiragwira. Munthu wakweza apa, watsitsa apo, wasintha driver, wazula chingwe, zonse pakamodzi. Mawu akabwerera sadziwa chomwe chawabweza, ndiye mawa vuto lomwelo limamupezanso. Ine ndimawaona mawu ngati madzi a mu mpope. Kuti afike pa sipika amadutsa pa zipata zisanu: traki, kenako bus (njira yosonkhanitsa matraki angapo) kapena master, kenako chotulukira chomwe pulogalamu yoseweretsera matraki yasankha, kenako driver (kapulogalamu kolumikiza kompyuta ndi chipangizo) pamodzi ndi mikisa ya m'kati mwa sound card (bokosi lolowetsa ndi kutulutsa mawu mu kompyuta), pomaliza chingwe. Pafupifupi pa chipata chilichonse pali mita yoonetsa kukwera kwa mawu, yovina mobiriwira. Pezani mita yomaliza imene ikuvina ndi yoyamba imene yangoti zii. Vuto lili pakati pa ziwirizo, musakalifune kwina.

Musanayambe, tsitsani voliyumu ya masipika onse, ndipo musayesere ndi nyimbo. Nyimbo imasocheretsa chifukwa mbali zonse zimamveka zofanana. Jambulani mawu anu mukunena kuti "chotulukira choyamba", "chotulukira chachiwiri", mpaka zonse zikwane, lililonse pa traki yakeyake ya mono (ya tchanelo chimodzi, osati sitiriyo). Kafayilo kameneka kandipulumutsa kangapo. Pa Linux lamulo lakuti speaker-test -c 6 -t wav limachita zomwezo, limatchula dzina la sipika iliyonse motsatana.

Zotulukira 3 ndi 4 sizikuoneka n'komwe

Yambani mwawerenga zotulukira zenizeni, osati mabowo. Bowo la mahedifoni pa ma sound card ang'onoang'ono ambiri limangobwereza zomwe zikupita ku 1 ndi 2. Focusrite Scarlett 2i2 ndi chitsanzo: ili ndi zotulukira ziwiri basi, mahedifoni amamva zomwe masipika akumva. Palibe batani mu pulogalamu lomwe lingabereke chotulukira chachitatu pamenepo. Ngati muli ndi ziwiri zokha ndipo mukufuna kiliki payokha, njira yake ndi yakale ija: kankhirani kiliki kumanzere kotheratu, nyimbo yonse kumanja kotheratu, mbali imodzi ipite kwa woimba ng'oma, inayo ku mikisa. Nyimbo ikhala ya mono, koma m'holo anthu ambiri sazindikira.

Ngati bokosi lanu lilidi ndi zinayi kapena zisanu ndi zitatu koma pulogalamu ikuonetsa ziwiri, onani driver. Pa Windows, mukasankha MME kapena DirectSound, kawirikawiri bokosilo limaoneka ngati la sitiriyo, kapena limagawidwa ngati timabokosi tosiyana, china 1-2, china 3-4. Sankhani ASIO, ndipo ikhale ASIO ya kampani yomwe inapanga bokosilo. ASIO anaipanga ndi a Steinberg kuti pulogalamu izilankhula ndi sound card mwachindunji, osadzera mu mikisa ya Windows, ndipo ndi imene imaonetsa matchanelo onse pamodzi. Pa Mac nkhani imeneyi kulibe, Core Audio imawaonetsa yokha.

Mukatero, zotulukirazo muzitsekule, chifukwa mapulogalamu ambiri amayamba ndi ziwiri zokha. Mu Reaper pitani ku Preferences, Audio, Device, pa Output range muike "last" pa tchanelo chomaliza cha bokosi lanu. Mu Ableton Live dinani Output Config n'kuyatsa 3/4 ndi zinazo. Mu Cubase batani la F4 limatsekula Audio Connections, pamenepo muwonjezere bus ndi kuilozera ku Device Port yoyenera. Audacity ndiye musavutike nayo: imatha kusunga fayilo ya matchanelo ambiri, koma poseweretsa imatulutsa awiri okha.

Mawu akutuluka komwe mwawatumiza, komanso kwina

Ili ndi lomwe linandigwira ine. Kutumiza traki ku chotulukira chatsopano sikutanthauza kuti njira yakale yatsekeka, ndipo mapulogalamu amasiyana pamenepa. Mu Ableton, mukasankha Ext. Out pa Audio To, traki imachoka yokha pa master. Mu Reaper ayi: mukadina Route n'kuwonjezera hardware output, kabokosi ka Master send kamakhalabe kochongedwa mpaka muchotse nokha. FL Studio nayo chimodzimodzi, traki iliyonse ya mu mikisa imabadwa italumikizidwa ku Master, ndipo muyenera kudula kachingwe kameneko podina kamuvi ka pansi pa Master. Kuyesa kwake n'kwapafupi. Seweretsani kiliki yokha ndipo muyang'ane mita ya master. Ikangogwedera ngakhale pang'ono, njira ikadali yotsekula. Onaninso ma send, tinjira topatutsa mawu a traki, opita ku reverb (yopangitsa mawu kumveka ngati m'holo), poti kiliki ikhoza kulowera mmenemo n'kukafika ku master mozembera. Metronome ya pulogalamu nayo imakhala ndi chotulukira chakechake m'masetingi, chosiyana ndi cha matraki.

Mita ya master ikakhala duu koma mawu akutulukabe paliponse, mwafika pa chipata chachinayi, chomwe ambiri amachiiwala. Ma sound card a zotulukira zambiri ali ndi mikisa yawo m'kati: Focusrite Control, TotalMix ya RME, CueMix ya MOTU. Mmenemo bowo lililonse limauzidwa chomwe lizinyamula. Mukapeza kuti Line Out 3-4 yaikidwa kuti izinyamula Playback 1-2, pulogalamu yanu ikhoza kutumiza bwino lomwe ku 3-4 koma bowolo lizingobwereza master. Lamulo langa ndi lakuti 1 apite ku 1, 2 ku 2, 3 ku 3, mosasakaniza. Kusakaniza konse kuchitikire malo amodzi, mu pulogalamu. Mukamasakaniza kuwiri, tsiku lina mudzaiwala kuti munasintha kuti.

Mu mikisa yomweyo muli gwero la vuto lina: woimba akudandaula kuti mawu ake akumveka ngati akuimbira mu mgolo. Nthawi zambiri akudzimva kawiri, kamodzi kudzera pa direct monitor ya bokosi (njira yomvera mawu asanalowe mu kompyuta), kachiwiri kudzera mu pulogalamu, mochedwa ndi mamilisekondi ochepa. Mawu awiri ofanana akasemphana pang'ono chotero amadyana pa mafrikwensi ena, ndiye kumveka kwa mgoloko. Zimitsani imodzi mwa njira ziwirizo.

Mukatsitsa feda, monita ya woimba ikutsika nayo

Send yanu ili pa post-fader, kutanthauza kuti mawu akupatuka atadutsa kale pa feda, chokwezera ndi kutsitsira traki. Isintheni ikhale pre-fader, kuti mawu apatuke asanafike pa feda. Mamonita ndi mahedifoni a oimba akhale pre, reverb ndi delay zikhale post. Chenjezo limodzi: traki ya pre-fader imamvekabe ku monita ngakhale feda ili pansi penipeni, choncho musadalire feda pofuna kuitseka pakamwa.

Zida zikumveka, woimba wasowa

Vutoli limaoneka ngati la pulogalamu pomwe ndi la chingwe, ndipo ndaona anthu akufufuta mapulagini onse (timapulogalamu tokonzera mawu) chifukwa cha ilo. Mukumva reverb, mukumva magitala a m'mbali, koma mawu otsogolera, besi ndi ng'oma yaikulu zazilala ngati zili kuseri kwa khoma.

Tengani chingwe chomwe chachoka pa bowo la mahedifoni la laputopu muchiyang'anitsitse. Ngati kumapeto kwake kuli jaki imodzi ya mizere iwiri yakuda, kapena XLR imodzi (pulagi ya mapini atatu), ndipo mwailowetsa pa tchanelo chimodzi cha mikisa, mwapeza. Ku laputopu, nsonga ya jaki imanyamula mbali ya kumanzere ndipo mphete yapakati imanyamula ya kumanja. Koma cholowera cha balanced sichiona choncho. Icho chimatenga za pa nsonga n'kuchotsapo za pa mphete, poti ndi mmene chimaphera phokoso la m'njira. Tsono chilichonse chomwe chili chofanana kumanzere ndi kumanja chimafafanizika, ndipo zomwe zimakhala pakatipo ndi woimba, besi ndi ng'oma yaikulu. Mankhwala ake ndi chingwe chogawika pawiri, jaki yaing'ono ya sitiriyo mbali imodzi ndi majaki awiri a mono mbali inayo, kapena DI box ya sitiriyo, kabokosi kosandutsa mawu kukhala a balanced.

M'bale wake wa vutoli ndi chingwe chowotcheredwa mopingasa. Pa XLR, pini 1 ndi graundi, 2 ndi hot, 3 ndi cold. Wina akasinthanitsa 2 ndi 3 pa chingwe chimodzi, sipika ina imakankha pamene inzake ikukoka. Mukaima pakati pa ziwirizo besi imathawa, mukasendera kumbali imabwerera. Dinani batani lotembenuza polarity (kukankha ndi kukoka kuja) pa chotulukira chimodzi. Besi ikadzaza, chingwecho chikonzedwe, musangosiya batani lili chidinire, chifukwa chingwe chomwecho chidzakavutitsa wina.

Ma sound card awiri nthawi imodzi

Funso limeneli limabwera kawirikawiri: ndili ndi bokosi la USB la zotulukira ziwiri, laputopu nayo ili ndi bowo lake, bwanji ndiziphatikize zikhale zinayi? Zimatheka, koma dziwani chomwe mukulowamo. Pulogalamu imagwira driver imodzi ya ASIO pa nthawi imodzi. Kuti mabokosi awiri aoneke ngati limodzi pamafunika mkhalapakati: ASIO4ALL kapena Voicemeeter pa Windows, Aggregate Device pa Mac, JACK kapena PipeWire pa Linux. Pa Mac musasokoneze zinthu ziwiri zomwe zili pa batani limodzi la + mu Audio MIDI Setup. Multi-Output Device imatumiza mawu amodzimodzi ku mabokosi onse. Aggregate Device ndi imene imakupatsani matchanelo osiyana.

Chovuta chenicheni ndi wotchi. Bokosi lililonse lili ndi kawotchi kake kowerengera masampo (tizidutswa ting'onoting'ono ta mawu), ndipo ngakhale onse alembedwe 48,000 pa sekondi, sayenda mofanana ndendende. Tiyerekeze kuti asiyana ndi magawo 50 pa miliyoni. Pa sekondi imodzi ndi masampo awiri ndi kachidutswa, zosamveka. Pakatha ola, bokosi lina latsogola ndi masekondi 0.18, ndipo woimba ng'oma yemwe akutsata kiliki ya ku bokosi limodzi wasiyana kale ndi nyimbo yotuluka ku linalo. Ngati mkhalapakati akuwakakamiza kuyendera limodzi mosasalaza, mumamva "thwa" wapatalipatali wobwera mwa nthawi yake. Atambala awiri salira m'khola limodzi: wotchi imodzi ilamulire. Pa Mac sankhani bokosi limodzi ngati Clock Source ndipo muchonge Drift Correction pa enawo. Mabokosi okhala ndi mabowo onyamula wotchi, monga word clock, ADAT kapena S/PDIF, alumikizeni ndi chingwe, limodzi likhale Internal, linalo litsate. Poyeserera kunyumba mkhalapakati ndi wokwanira. Pamaso pa anthu, ine sindikhulupirira china koma bokosi limodzi la zotulukira zokwanira.

Masipika sakulankhulira limodzi

Ngati m'gulumo muli sipika ya Bluetooth, ichotseni. Imachedwa ndi mamilisekondi opitirira 100 nthawi zambiri, ndipo kuchedwako sikukhazikika, choncho simungakukonze ndi nambala imodzi. HDMI yodzera mu TV nayo imachedwa chifukwa TV imayamba yakonza chithunzi.

Kuchedwa kwina n'kwa mphepo chabe. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, kutanthauza mamilisekondi pafupifupi 2.9 pa mita imodzi ya mtunda. Mukaika masipika othandizira mamita 20 kuchokera ku siteji, munthu wokhala pafupi nawo amva iwo kaye, kenako aakulu aja patatha mamilisekondi 58, ngati wina akubwereza mawu m'mbuyo. Ikani pulagini ya delay pa bus yopita ku othandizirawo, yopanda feedback, yongochedwetsa, muyambire pa 58 n'kumasuntha pang'onopang'ono mukumvetsera. Ndimakonda kuwonjezera mamilisekondi ochepa pamwamba kuti khutu lizikhulupirira kuti mawu akuchokera kutsogolo.

Onaninso mapulagini a pa master. Limiter (yoletsa mawu kupyola malire) yoyang'ana patsogolo kapena EQ (yokonza mafrikwensi) ya mtundu wa linear phase imasunga mawu kanthawi isanawatulutse. Mapulogalamu amayesetsa kulinganiza zimenezi, koma traki yotuluka payokha osadzera pa master ikhoza kutsogola. Zimitsani mapulagini a pa master muone ngati kiliki ndi nyimbo zagwirizananso.

5.1: mawu a munthu akutulukira mu sabuwufa

Pa 5.1, kutanthauza masipika asanu ndi sabuwufa imodzi ya besi, vuto ndi ndondomeko ya matchanelo, poti palibe imodzi yomwe onse amatsata. Fayilo ya WAV ndi Windows zimayala motere: kumanzere, kumanja, pakati, LFE (tchanelo cha sabuwufa), kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja. Ndondomeko ya mafilimu, yomwe Pro Tools imagwiritsa ntchito m'matraki ake, ndi iyi: kumanzere, pakati, kumanja, kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja, LFE. Mukatenga zoyalidwa mwa njira yachiwiri n'kuzitulutsa mwa njira yoyamba, zokambirana zimapita ku sipika ya kumanja, ndipo za kumbuyo kumanzere zimamira mu sabuwufa. Kafayilo ka mawu anu kaja kamaulula zimenezi pa mphindi imodzi.

Pa kompyuta ya mabowo amitundu, lobiriwira ndi la kutsogolo, lakuda la kumbuyo, la olenji limanyamula pakati ndi sabuwufa pa jaki imodzi. Masipika ena amatembenuza ziwirizi, n'chifukwa chake mu pulogalamu ya Realtek muli pochonga polembedwa Swap Center / Subwoofer Output. Komanso Windows iuzidwe kuti masipika ndi 5.1: tsekulani mmsys.cpl, sankhani chipangizo, dinani Configure. Ikakhala pa Stereo, zonse zimapanikizidwa mu matchanelo awiri.

Chingwe cha optical chimakhumudwitsa ambiri. S/PDIF imanyamula matchanelo awiri okha a mawu osapanikiza. Asanu ndi limodzi amadutsa pokhapokha atapanikizidwa kukhala Dolby Digital kapena DTS, zomwe pulogalamu yosakanizira sichita yokha. HDMI imanyamula asanu ndi atatu osapanikiza. Bowo la optical lomwelo likakhala pa ADAT limanyamulanso asanu ndi atatu pa 44.1 kapena 48 kHz, koma mukakwera pa 96 kHz amatsala anayi. Ngati zotulukira zina zasowa mwadzidzidzi mutangosintha sample rate (kuchuluka kwa masampo pa sekondi), chifukwa chake n'chimenecho.

Kuthetheka, kudukaduka, kung'ung'uza

Maphokoso atatuwa ndi osiyana, ndipo khutu likhoza kuwalekanitsa.

Kuthetheka kobwera pamene nyimbo yafika pokwera ndi kusefukira. Matraki akamakumana mu bus imodzi mphamvu zawo zimaphatikizana: awiri ofanana ndendende amakweza ndi 6 dB, awiri osiyana a mphamvu yofanana pafupifupi 3 dB. M'kati mwa pulogalamu malo ndi ambiri, koma pa chotulukira denga ndi 0 dBFS, ndipo chilichonse chili ndi denga lake. Anthu amayang'anira mita ya master n'kuiwala kuti bus ya mamonita, yomwe ilibe limiter, yafiira kalekale. Kusandutsa sitiriyo kukhala mono nakonso kumakweza zapakati. Tsitsani ma send, musiye mpata wa 6 dB kapena kuposa pa chotulukira chilichonse, mphamvu muikwezere ku ampu.

Kudukaduka kosatsata nyimbo ndi nkhani ya buffer, mulu wa masampo omwe kompyuta imawerengera pakamodzi. Masampo 128 pa 48 kHz ndi mamilisekondi 2.7, ndiyo nthawi yomwe kompyuta yapatsidwa kuti imalize kuwerengera matraki onse. Ikalephera, mawu amaduka. Ngati mukungoseweretsa matraki, palibe amene akuimba kudzera mu kompyuta, kwezani pa 512 kapena 1024. Zotulukira zonse zichedwa mofanana ndipo palibe adzadziwe. Laputopu ikhale pa magetsi, bokosi lilowe mwachindunji osati kudzera pa hub yodzaza zinthu.

Nyimbo ikamveka yothamanga komanso yokwera, sample rate yasemphana. Zojambulidwa pa 44.1 kHz zikaseweretsedwa ngati za 48 zimathamanga ndi pafupifupi 9 peresenti ndipo zimakwera pafupifupi semitoni imodzi ndi theka. Pulojekiti, bokosi ndi Windows zonse zikhale pa nambala imodzi. Pulogalamu ina ikakhala kuti yalanda bokosi, monga burawuza kapena Zoom, itsekeni, kapena muipatse sound card ya m'kati mwa laputopu kuti isamalimbirane ndi pulogalamu yanu.

Kung'ung'uza kosalekeza kwa 50 kapena 60 Hz, komwe kumaleka mukazula chaja, ndi ground loop, magetsi ozungulira m'mawaya a graundi a zipangizo zolumikizana. Gwiritsani ntchito zingwe za balanced, kapena DI box yokhala ndi batani la ground lift. Musadule waya wa graundi pa pulagi ya magetsi. Phokoso lidzathadi, koma waya ameneyo ndi amene amateteza munthu wogwira maikolofoni tsiku lomwe ampu yawonongeka m'kati.

Ngati chimodzi mwa zotulukira zanu chikupita kwa anthu a pa intaneti ndipo akuti akudzimva okha, mwawabwezera mawu awo omwe. Apangireni bus yawoyawo yokhala ndi zonse kupatula tchanelo chomwe iwo akulowera. Amisiri amaitcha mix-minus.

Dzulo zinayenda, lero zasokonekera

Mukatsekula pulojekiti bokosi lisanalumikizidwe, mapulogalamu ena amasamukira okha ku sound card ya laputopu, ndipo zonse za ku 3 mpaka 8 zimasowa kolowera. Ena sabwerera okha mukalumikiza. Choncho yatsani bokosi kaye, dikirani lioneke, kenako tsekulani pulogalamu, masipika pomaliza. Pozimitsa yambani ndi masipika. Muzilowetsa pa bowo la USB lomwelo nthawi zonse, chifukwa Windows nthawi zina imaliona ngati chipangizo chatsopano likasintha bowo.

Zotulukira muzipatse mayina mu pulogalamu: "Ng'oma", "Monita woimba", "Holo kumanzere". Mayina omwewo muwalembe pa tepi n'kumata pa zingwe. Matraki asamapite okha ku mabowo. Adzere mu ma bus ochepa, bus iliyonse chotulukira chake, kuti tsiku lomwe mwabwereka bokosi lina mudzasinthe malo anayi m'malo mwa makumi atatu. Sungani zimenezi ngati template, ndipo masetingi a mikisa ya m'bokosi muwasungenso pa fayilo yawo, poti pulojekiti siwanyamula.

Kuyambira tsiku la kiliki lija, anthu asanalowe ndimayatsa masipika onse pa voliyumu yomwe tigwiritse ntchito, ndimaseweretsa kafayilo ka mawu anga, n'kuyenda ndekha kukaima pa sipika iliyonse mpaka nditamva ikutchula dzina lake. Kenako ndimaseweretsa kiliki yokha, ndimavula mahedifoni, n'kukaima pakati pa holo kwa masekondi khumi.